Kodi Britain Ingabwezeretse Usilikali Wokakamiza Nkhondo Itabuka?

Funso: Ndine mayi wochokera ku Malawi ndipo ndakhala ku England zaka zoposa 20. Mwana wanga wamwamuna anabadwira kuno ndipo wangokwanitsa kumene zaka 18. Pa magulu athu a WhatsApp anthu akutumizirana nkhani yoti nkhondo ndi Russia ikabuka, boma liyamba kutenga anyamata mokakamiza kukhala asilikali, ndipo ena akuti tiwatumiziretu ana athu kumudzi zinthu zisanafike poipa. Kodi zimenezi zingachitikedi?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi zimene zingakukhazikeni mtima pansi, chifukwa ndi zoona, kenaka ndifike pa zimene sindingakubisireni. Lero lino ku Britain kulibe lamulo lililonse lopatsa boma mphamvu yotenga mnyamata amene sanalowepo usilikali n'kumusenzetsa mfuti iye asakufuna. Kulibe kaundula wa anyamata oyembekezera kuitanidwa, ndipo palibe kalata imene ili m'njira kubwera kunyumba kwanu. Ngakhale lamulo la Civil Contingencies Act la 2004, limene limapatsa nduna mphamvu zapadera dziko likagwa m'zoopsa monga nkhondo, mliri kapena uchigawenga, linatsekeratu khomo limeneli, pakuti limanena mosapita m'mbali kuti mphamvu zapaderazo sizingagwiritsidwe ntchito pokakamiza munthu kulowa usilikali. Kuti mwana wanu aitanidwe, Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster iyenera kuyamba yakhazikitsa lamulo latsopano, aphungu atakambirana poyera ndi kuponya voti.

Komabe lamulo si linga losagumuka. Pa 3 Sepitembala 1939, tsiku lomwelo limene Britain inalengeza nkhondo ndi Germany, aphungu anavomereza lamulo loti mwamuna aliyense wa zaka 18 mpaka 41 akhoza kuitanidwa. Lamulo limatha kulembedwa tsiku limodzi. Zimene sizitheka tsiku limodzi ndi kumanga makampu, kupeza alangizi okwanira, kusoka mayunifolomu, kupanga mfuti ndi zipolopolo, ndiponso kukopa mitima ya makolo ngati inu kuti apereke ana awo. Choncho pofuna kudziwa ngati usilikali wokakamiza ungabwerere, tiyenera kuyang'ana mtundu wa nkhondo imene inaubweretsa kale, chimene chinauthetsa, ndi zimene zimayamba kuoneka usanafike.

Mphekesera zimene zikuzungulirazo zili ndi gwero lenileni, ngakhale kuti nkhaniyo yathiridwa mchere wambiri panjira. Mu Januwale 2024, General Sir Patrick Sanders, amene pa nthawiyo anali mkulu wa asilikali apamtunda, ananena pa msonkhano wina ku London kuti gulu lake lachepa kwambiri, kuti nkhondo yaikulu itabuka asilikali olembedwa ntchito sangakwanire, ndiponso kuti dziko liyenera kukonzekera kuphunzitsa anthu wamba ndi kuwapatsa zida. Iye sanapemphe lamulo lokakamiza, koma manyuzipepala anamva choncho, ndipo ofesi ya nduna yaikulu inayankha mwamsanga kuti boma lilibe ganizo lotero. Mu Meyi chaka chomwecho, Rishi Sunak, amene pa nthawiyo anali nduna yaikulu, ali pa kampeni analonjeza kuti chipani chake chikapambana, wachinyamata aliyense wa zaka 18 adzasankha pakati pa zinthu ziwiri: kukhala chaka chimodzi m'gulu la asilikali, kumene malo anali 30,000 okha, kapena kugwira ntchito yothandiza anthu kumapeto kwa sabata imodzi mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Chipanicho chinagonja pa chisankho cha pa 4 Julayi 2024 ndipo ganizolo linafera pomwepo. Lipoti lalikulu lounika chitetezo cha dziko limene boma la Keir Starmer linatulutsa mu Juni 2025 linanena zambiri za kukonzekera nkhondo, koma silinapemphe kuti anthu azilowa usilikali mokakamizidwa. Ngakhale zili choncho, galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mkulu wa asilikali akayamba kulankhula poyera za kuchepa kwa anthu ake, pali china chake chimene wachiona.

Britain ndi dziko limene kwa zaka zambiri linkanyadira kuti asilikali ake apamtunda amalowa okha mwa kufuna kwawo, pamene France, Germany ndi Russia ankatenga mnyamata aliyense akafika pamsinkhu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, boma linadalira ongodzipereka, ndipo anabweradi mwaunyinji: pofika kumapeto kwa 1915, amuna pafupifupi 2.5 miliyoni anali atalembetsa okha. Koma nkhondo ya m'ngalande za ku France ndi Belgium inkameza anthu mofulumira kuposa mmene ankabwerera olowa m'malo, ndipo chiwerengero cha olembetsa mwezi ndi mwezi chinayamba kutsika. Boma silinalumphe nthawi yomweyo. M'chaka cha 1915 linayamba ndi kaundula wa anthu onse a zaka 15 mpaka 65 pamodzi ndi ntchito zawo, kenaka linayesa kunyengerera amuna kuti alonjeze okha kuti adzapita akadzaitanidwa, ndipo zimenezi zitalephera m'pamene linakhazikitsa lamulo la Military Service Act mu Januwale 1916. Poyamba lamulolo linakhudza amuna osakwatira a zaka 18 mpaka 41, mu Meyi linafika kwa okwatira, ndipo mu 1918 malire a zaka anakwezedwa kufika pa 51. Muone kuti panadutsa pafupifupi chaka ndi theka nkhondo ili m'kati lamuloli lisanabwere. Muonenso kukula kwa nkhondo imene tikunena: pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme m'dziko la France, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi lokha.

Pa nkhondo yachiwiri boma linali litaphunzirapo, n'chifukwa chake silinadikire. Miyezi ingapo nkhondo isanayambe, mu Meyi 1939, linali litalamula kale kuti anyamata a zaka 20 ndi 21 aphunzire usilikali kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mu Disembala 1941 lamulo linafika kwa akazi osakwatiwa a zaka 20 mpaka 30, amene ankatha kupita ku magulu othandiza asilikali, ku mafakitale kapena ku ntchito zoteteza anthu wamba. Si onse oitanidwa amene anagwira mfuti. Kuyambira kumapeto kwa 1943, malasha atayamba kusowa, mnyamata mmodzi mwa khumi alionse oitanidwa ankasankhidwa mwa maere kuti akagwire ntchito ku migodi, ndipo anyamata pafupifupi 48,000 anathera nkhondo yawo pansi pa nthaka.

Nkhondo itatha, usilikali wokakamiza sunathe, ndipo umenewu ndi umene azigogo a ku Britain amaukumbukira akamanena za National Service. Kuyambira pa 1 Januwale 1949 mnyamata aliyense wathanzi ankatumikira miyezi 18, ndipo nkhondo ya ku Korea itabuka mu 1950 nthawiyo inakwera kufika pa zaka ziwiri. Anyamata oposa 2 miliyoni anadutsamo, ndipo ena a iwo anatumizidwa ku Korea, ku Malaya, ku Cyprus, ku Suez ndi ku Kenya pa nthawi ya Mau Mau. Chimene chinauthetsa n'chofunika kwambiri pa funso lanu. Mu 1957 nduna ya zachitetezo, Duncan Sandys, inalengeza kuti dziko lidzadalira zida za nyukiliya ndi gulu laling'ono la asilikali odziwa bwino ntchito yawo. Maiko amene Britain inkawalamulira anali akulandira ufulu mmodzimmodzi, chuma chinkasowa anyamata m'mafakitale, ndipo akuluakulu a asilikali eni ake ankadandaula kuti anthu awo aluso ambirimbiri amathera nthawi yophunzitsa anyamata amene ankachoka atangoyamba kudziwa ntchito. Oitanidwa omaliza analowa mu 1960 ndipo womaliza anatuluka mu Meyi 1963. Chichokereni nthawi imeneyo Britain yamenya nkhondo ku Falklands mu 1982, ku Gulf mu 1991, ku Iraq kuyambira 2003 ndi ku Afghanistan kwa zaka pafupifupi 20, ndipo pa nkhondo zonsezi palibe munthu wamba ndi mmodzi yemwe amene anatengedwa mokakamiza. Ndiye kumva kuti dziko lili pa nkhondo sikokwanira. Chimene chimabweretsa lamulo lokakamiza ndi nkhondo yapamtunda, yotenga zaka, yolimbana ndi dziko lamphamvu, imene imapha ndi kuvulaza asilikali ochuluka kuposa amene akudzipereka.

Apa m'pamene pagona mantha a amene akuti usilikali wokakamiza ubwerere, ndipo sindikufuna kuwanyoza, chifukwa mfundo yawo ndi ya masamu. M'chaka cha 2010 asilikali apamtunda a Britain ophunzitsidwa mokwanira anali oposa 100,000, pamene pofika 2024 anali pafupifupi 73,000, chiwerengero chochepa kuposa china chilichonse kuchokera m'nthawi ya Napoleon, zaka zoposa 200 zapitazo. Nkhondo ya ku Ukraine yaonetsa kuti nkhondo ya m'ngalande, imene ambiri ankaganiza kuti inatha mu 1918, ikadalipo, ndipo mbali zonse ziwiri zataya anthu mazana a zikwi, akufa ndi ovulala. Gulu la anthu 73,000 likaponyedwa pa nkhondo yotere limatha m'miyezi yowerengeka, ndipo funso la amene adzalowe m'malo mwawo silithawika. Ukraine inatseka malire kwa amuna a zaka 18 mpaka 60 nkhondo itangoyamba mu Febuluwale 2022, ndipo mu Epulo 2024 inatsitsa zaka zoyambira kuitanidwa ku nkhondo kuchoka pa 27 kufika pa 25. Russia nayo, ngakhale ili ndi anthu ochuluka, inalamula mu Sepitembala 2022 kuti amuna 300,000 aitanidwe, ndipo amuna ambirimbiri anathawira ku Georgia, ku Kazakhstan ndi maiko ena oyandikana nawo. Britain ili m'gulu la NATO, limene pangano lake limati kuukira mmodzi ndi kuukira onse, ndipo ili ndi asilikali ku Estonia, dziko lochita malire ndi Russia. Amene amawerengera zinthu izi n'kunena kuti dziko liyenera kukhala ndi anthu ambiri odziwa kugwira mfuti sakulota.

Otsutsa nawonso ali ndi mfundo zolemera, ndipo chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti otsutsa kwambiri ali m'gulu la asilikali lomwelo. Chaka chilichonse achinyamata oposa 700,000 amakwanitsa zaka 18 ku Britain. Ngakhale atangotengapo gawo limodzi mwa magawo khumi, chiwerengerocho chingafanane ndi gulu lonse la asilikali apamtunda amene alipo lero, ndipo aliyense wa iwo angafune bedi, chakudya, dokotala, mfuti ndi sajeni womuphunzitsa. Makampu ambiri a m'zaka za m'ma 1950 anagulitsidwa kalekale, ndipo nyumba za asilikali amene alipo kale zakhala zikudandaulidwa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa cha chinyezi ndi nkhungu. Sajeni aliyense amene angaikidwe kuphunzitsa anyamata atsopano ndiye kuti wachotsedwa pa gulu lokamenya nkhondo. Komanso Britain ndi chilumba, ndipo zimene anzake a mu NATO amayembekezera kwambiri kwa iyo ndi sitima zankhondo, sitima zoyenda pansi pa madzi, ndege, ukazitape ndi zida za nyukiliya, zinthu zimene munthu sangaziphunzire m'miyezi isanu ndi umodzi. Vuto lina limene lakhala likunenedwa kwa zaka zambiri n'lakuti achinyamata ofuna kulowa usilikali alipo, koma ndondomeko yowalembera inkatenga miyezi yochuluka moti ambiri ankatopa n'kukapeza ntchito kwina, pamene amene ali kale m'kati akuchoka chifukwa cha malipiro ndi nyumba. Dziko limene likulephera kulandira amene akugogoda okha pakhomo silingayambe ndi kukoka amene sakufuna. Palinso nkhani ya mitima ya anthu: kafukufuku wa bungwe la YouGov mu Januwale 2024 anapeza kuti mwa anthu osapitirira zaka 40, okwana 38 mwa 100 alionse anati angakane kutumikira nkhondo ya dziko lonse itabuka. Zimene anthu amanena pa mtendere zimasintha mabomba akayamba kugwa, koma wandale aliyense amaziwerenga.

N'zoona kuti maiko ena a ku Ulaya abwezeretsa usilikali wokakamiza, ndipo nkhani zawo n'zimene zimasakanizidwa ndi za Britain pa mafoni athu. Lithuania inaubwezeretsa mu 2015, patangopita chaka Russia italanda Crimea, dera la Ukraine. Sweden, imene inausiya mu 2010, inaubwezeretsa mu 2017 kwa amuna ndi akazi omwe. Latvia inakhazikitsa lamulo lake mu 2023, ndipo Denmark inayamba kuphatikiza akazi pa maere ake kuyambira mu Julayi 2025. Finland sinausiyepo n'komwe, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu mukayang'ana pa mapu: anthu 5.5 miliyoni okha ali ndi malire a makilomita oposa 1,300 ndi Russia, ndipo dongosolo lawo limawalola kusonkhanitsa asilikali 280,000 nkhondo itabuka. Onsewa ndi maiko a anthu ochepa okhala pakhomo pa Russia. Maiko akuluakulu akuyenda mosamala kwambiri. Germany, imene inaimitsa usilikali wokakamiza mu 2011, inakhazikitsa lamulo mu Disembala 2025 loti anyamata okwanitsa zaka 18 aziyankha mafunso okhudza thanzi lawo ndi kufuna kwawo, koma kutumikira kwenikweniko kukadali kwa ofuna, ndipo kuti kukhale kokakamiza aphungu ayenera kuvotanso. France nayo yasankha njira ya ongodzipereka.

Dongosolo la Sweden ndi loyenera kulimvetsa bwino, chifukwa ngati Britain ingadzasunthe pa nthawi ya mtendere, ndikukhulupirira kuti ingadzalowere kumeneko. Wachinyamata aliyense akakwanitsa zaka 18 amayenera kuyankha mafunso pa intaneti. Mwa achinyamata oposa 100,000 a chaka chimodzi, ena amaitanidwa kukayezedwa thupi ndi nzeru, ndipo amene amaphunzitsidwadi usilikali ndi pafupifupi 8,000. Lamulo ndi lokakamiza, koma popeza ofunika ndi ochepa, asilikali amasankha makamaka athanzi ndi ofuna, moti ku Norway, kumene dongosolo lake ndi lofanana, kusankhidwa kumaoneka ngati ulemu umene achinyamata amaupikisanirana. Zimenezi zikusiyana kutali ndi chithunzi cha magalimoto a asilikali akusaka anyamata m'misewu.

Ngati zinthu zitaipadi, mwana wanu sangakhale woyamba pamzere. Oyamba kupita ndi asilikali olembedwa ntchito. Pambuyo pawo pamabwera anthu amene amagwira ntchito zawo za masiku onse koma analembetsa okha kuti aziphunzira usilikali madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo lamulo la Reserve Forces Act la 1996 limalola boma kuwaitana mokakamiza, monga linachitira ndi zikwi zingapo pa nkhondo ya ku Iraq mu 2003. Kenaka pamabwera amene anatumikirapo kale n'kupuma, amene lamulo lomwelo limawasunga pa udindo wobwerera kwa zaka zingapo. Pambuyo pa onsewa boma lingapemphe ongodzipereka, ndipo mbiri ikusonyeza kuti miyezi yoyamba ya nkhondo amabwera ochuluka kuposa amene makampu angathe kulandira. Britain yaphunzitsa asilikali a ku Ukraine oposa 50,000 pa nthaka yake kuyambira 2022, pa maphunziro a masabata ochepa okha, ndipo zimenezi zikuonetsa kuti ikhoza kusandutsa anthu wamba kukhala asilikali mwamsanga, komanso zikuonetsa malire ake, pakuti chiwerengero chimenecho chinatenga zaka ndiponso thandizo la alangizi ochokera m'maiko ena. Zizindikiro zoti muziyang'anira ndi zooneka ndi maso: kuitanidwa kwa asilikali opuma mwaunyinji, lamulo loti achinyamata alembetse m'kaundula, mndandanda wa ntchito zimene ogwira ake sadzaitanidwa, ndi bilu yoperekedwa ku Nyumba ya Malamulo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingachitike mobisa.

Tsopano za mwana wanu mwini. Kubadwira ku Britain pakokha sikupereka unzika kwa amene anabadwa kuyambira pa 1 Januwale 1983; mwana amakhala nzika pobadwa ngati kholo limodzi linali nzika kapena linali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale pa nthawiyo, apo ayi amayenera kulembetsedwa pambuyo pake. Ngati ali ndi pasipoti ya Britain, ndiye kuti lamulo lililonse lamtsogolo lingamukhudze mofanana ndi mnzake aliyense wa m'kalasi mwake. Kukhalanso nzika ya Malawi, zimene zinatheka Nyumba ya Malamulo ya kwathu itasintha lamulo la unzika kumapeto kwa 2018, sikungamutchinjirize ali ku Britain, chifukwa mfundo yakale ya malamulo a pakati pa maiko imati munthu wa unzika uwiri akakhala m'dziko limodzi mwa awiriwo, dziko linalo silingamuimirire potsutsana nalo. Kwa ana a abale athu amene ali pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, malamulo akale a Britain ankakhudza kwenikweni anthu olamulidwa ndi mfumu ya Britain okhala m'dzikomo, osati alendo, ngakhale kuti maiko amasiyana pa mfundoyi: ku United States mnyamata aliyense wa zaka 18 mpaka 25 wokhazikika m'dzikomo amayenera kukhala m'kaundula, kaya ndi nzika kaya ndi wobwera. Malire a zaka ali ndi chitetezo chimodzi cholimba, pakuti Britain inasaina pangano la United Nations la chaka cha 2000 loletsa kulemba mokakamiza aliyense wosakwana zaka 18.

Ngati banja lanu lili la chikhulupiriro chokana kugwira zida, dziwani kuti Britain yakhala ikuzindikira ufulu wa chikumbumtima kuyambira pa lamulo loyambirira la 1916. Pa nkhondo yoyamba amuna pafupifupi 16,000 anakana pa chifukwa chimenechi, ndipo mabwalo apadera amene ankamva nkhani zawo nthawi zambiri anali ankhanza, moti zikwi zingapo anaponyedwa m'ndende ndipo ena anafera momwemo. Pa nkhondo yachiwiri okana anali pafupifupi 60,000 ndipo ambiri anapatsidwa ntchito za kumunda, za kuchipatala ndi zozimitsa moto. Mu 2011 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, pa mlandu wa Bayatyan wotsutsana ndi dziko la Armenia, linagamula kuti kukana usilikali chifukwa cha chikhulupiriro chenicheni kumatetezedwa ndi ufulu wa chipembedzo ndi chikumbumtima.

Ndikudziwa kuti mantha a Amalawi pa nkhani imeneyi ali ndi mizu yozama kuposa nkhani za pa foni, ndipo ineyo sindingathe kuiwerenga popanda kukumbukira zimene zinachitikira makolo athu. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, dziko la Nyasaland la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku gulu la King's African Rifles, ndi amuna pafupifupi 200,000 a mtengatenga, osenza katundu wa nkhondo pamutu kulowera ku Karonga mpaka m'dziko la Germany East Africa ndi ku Mozambique. Ambiri mwa amtengatengawo sanafunsidwe. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, amesenjala ankagwira anthu usiku m'midzi, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo osaonako n'komwe mdani. Mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene Mwafirika wosauka, amene alibe kanthu m'dziko lake lomwe, ayenera kufera nkhondo ya ena, ndipo anati apite olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda. Boma linaletsa kalatayo, ndipo mu Januwale 1915 iye anaukira. Chipilala cha ku Zomba chili ndi maina a asilikali, koma unyinji wa amtengatenga unagona m'tchire popanda dzina.

Funso la Chilembwe ndi limene ine ndimaliona kukhala mtima wa mtsutso wa lero, ndipo andale amalizemba. Usilikali wa ongodzipereka umaoneka waufulu, koma amene amadzipereka kawirikawiri ndi ana a m'madera osauka, pamodzi ndi anyamata ochokera ku Fiji, ku Ghana ngakhalenso ku Malawi kwathu, amene amalowa gulu la asilikali a Britain kudzera pa khomo la maiko a Commonwealth. Usilikali wokakamiza umalonjeza kugawa katunduyo mofanana, koma nawonso umakhala ndi zibowo zimene odziwa kulemba makalata ndi kulipira maloya amatulukira, monga zinalili ku United States pa nkhondo ya ku Vietnam, pamene ophunzira a ku yunivesite ankaloledwa kuchedwetsa kuitanidwa kwawo ndipo ana a osauka ankapita. Ngati tsiku lina bilu yotere idzafike ku Westminster, zimene mabanja ngati lanu ayenera kudzaziwerenga ndi maso awiri ndi ndime zonena za amene akukhululukidwa, amene akusankha, ndi kumene munthu angakadandaule.

Maganizo anga ndi akuti usilikali wokakamiza sudzabwerera ku Britain pa nthawi ya mtendere m'zaka zimene zili pafupi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ungabwerere pokhapokha NATO italowa m'nkhondo yapamtunda ndi Russia imene yatenga miyezi yambiri popanda kutha ndiponso popanda kufika pa zida za nyukiliya. Zimenezi n'zotheka, koma si zimene zili pakhomo, ndipo sindingakulangizeni kuchotsa mwana pa sukulu kapena pa ntchito n'kumutumiza kumudzi chifukwa cha uthenga wopanda mwini. Mukatero mumudula maphunziro pa chinthu chimene sichinachitike, ndipo ngakhale chitachitika, kukhala kunja sikufafaniza udindo wa nzika: mu 2024 Ukraine inaimitsa kwa kanthawi ntchito za pasipoti m'maofesi a akazembe ake kwa amuna a msinkhu wa nkhondo okhala kunja. Chimene mungachite sabata ino ndi kutulutsa zikalata za mwanayo n'kutsimikiza kuti unzika wake uli pati, kuona ngati mapasipoti onse ali ndi masiku, ndipo uthenga wina ukabwera pa gulu, kufunsa wotumizayo dzina la biluyo ndi tsiku limene inawerengedwa m'Nyumba ya Malamulo, pakuti mabilu onse amaikidwa pa tsamba la intaneti la nyumbayo. Kenaka mukhale naye pansi mwana wanuyo mumufunse maganizo ake, chifukwa pa zaka 18 lamulo la Britain limamulola kale kukalembetsa usilikali yekha popanda chilolezo chanu, ndipo n'kutheka kuti nkhaniyi waiganizira kale kuposa mmene inu mukudziwira.